Chala cha pa Pepala la Manachesi

"Dzina lako usaliike pansi pa chinthu chomwe maso ako sanachione, ngakhale wabwera nacho ndi munthu amene anakubereka kumsana." Anandiuza zimenezi ndi a Kaphesi, kalaliki wamkulu amene anandilandira pa ntchito, tsiku loyamba, ndisanakhale n'komwe pansi. Ankayankhula osandiyang'ana, akusongola pensulo ndi lezala. Ine ndinati inde bwana, koma mumtima ndinkati nkhalamba zimakonda kuopseza ana. Lamulo limeneli ndinalisunga zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndinaliswa kamodzi, Lamlungu lina masana, ndipo nkhani ino ndi ya Lamlungu limenelo.

Ndikulembera inu ana anga, Limbani ndi Chifundo, pamodzi ndi ana anu akadzakula. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chake malume anu a Wedisoni sanaime ngati nkhoswe pa maukwati anu, ine n'kumangoti anatanganidwa. Sanatanganidwe. Ndikudziwa kuti abale akuuzani zawo, ena pamaliro, ena pafoni. Musawamvere. Inenso musandimvere chifukwa choti ndine mayi wanu. Werengani, muyese nokha.

Chaka choyamba, kuchigwa

Ntchito ndinayambira pa khoti laling'ono la kuchigwa, kotentha moti inki inkauma m'botolo. Dzina la malowo sindilemba, palibe chifukwa. Ndinafika ndi tiranka limodzi ndi mphasa, ndipo amene anasenza tirankalo kuchokera pomwe lole inatitsitsa ndi achimwene anga a Wedisoni omwewo.

Ine ndinali kalaliki wa milandu ya pakati pa anthu okhaokha, yosakhudza apolisi. Munthu akabwera kudzadandaula kuti mnzake wamugulitsa ng'ombe yodwala, kapena njinga yomwe mwini wake ndi wina, iwe umalemba dandaulo, kutsegula failo, kulemba samani yoitanira winayo, n'kupatsa mesenjala akapereke. Tsiku la mlandu umakhala kutsogolo kwa a majisitireti, kulumbiritsa mboni ndi kusunga mapepala a umboni. Mapepala olembapowo ndiye ankasowa. Tinkalemba kumbuyo kwa masamani akale. Kaboni tinkamugwiritsa ntchito mpaka kuyera, a Kaphesi n'kumuyanika padenga ati abwerere mphamvu. Pini mmodzi ankachoka pa failo yotha n'kupita pa yatsopano, ndipo ukamutaya umamufuna chogwada.

Anthu ambiri obwera kwa ife sankatha kulemba, ndiye dzina lawo linali chala. A Kaphesi sankalola munthu kudinda yekha. "Chalacho ugwire ndiwe, uchigubuduze pa pepala ndiwe, ndipo mwini wakeyo umuyang'ane kumaso," ankatero. Ndagwira zala zambiri kuposa namwino, mpaka ndinafika pozidziwa. Cha mlimi wa khasu mizere yake imafufutika pakati. Cha telala chili ndi timadontho ta singano. Cha mayi wotong'ola chimanga chimang'aluka m'mbali. Chakumanja chimapendekera kwake, chakumanzere kwakenso.

Pampando umenewo ndi pomwe ndinasiya kukhulupirira anthu. Ndinaona mkulu wa mpingo atagwira Baibulo akulumbira kuti mbuzi anaigulitsa ikudumpha, pamene mudzi wonse unaiona ikunyamulidwa pa machira. Ndinaona abale a bere limodzi akukanana chifukwa cha chitseko. Aliyense wolowa pakhomo lija ankabwera ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa, wodandaula ndi wodandaulidwa yemwe. Ndinaphunzira kusayang'ana nkhope. Ndinkayang'ana manja.

Chaka chachisanu ndi chinayi, kubwerera kumapiri

Bambo anu atamwalira ndinapempha kuti andisamutsire kufupi ndi kwathu, ndipo patapita makalata ambiri ananditumiza ku khoti lina laling'ono kuno ku Neno. Ofesi inali chipinda chimodzi. Mafailo tinkawaika m'makatoni pamwamba pa njerwa poopa chiswe, ndipo mvula ikagwa ndinkawafunditsa chitenje changa. Nyengo ya dzinja msewu wokwera phiri unkaterera, a majisitireti n'kukanika kufika. Anthu oti anyamuka m'bandakucha kuchokera ku Matandani ankabwerera osamva kanthu, ndipo wowauza ndinali ine. Ndinatukwanidwa kwambiri chifukwa cha matope omwe sindinawaponde.

Mabwana ndinagwira nawo anayi. Wina ankakonda kufuula. Wina ankalemba chigamulo chachitali ngati ulaliki wa pa Pasaka. Wachitatu, amene ali mu nkhani ino, anali bambo wochepa thupi wochokera kumpoto, wosaseka, womwa madzi otentha opanda masamba. Ankafunsa funso limodzi n'kukhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko kunkaulula anthu kuposa mafunso khumi.

Nthawi imeneyo achimwene anali pa chikamwini kuseri kwa Matandani, kwa akazi awo aNangozo. Achimwenewo ndiwo anandibereka kumsana amayi ali kumunda. Ndiwo anali nkhoswe ya ukwati wanga, ndiwonso anayendetsa maliro a bambo anu. Iwe Limbani nsapato zako zoyamba anakugulira ndi iwo. Kwathu kuno mkamwini wochenjera sabzala mtengo. Amabzala chimanga ndi mbatata, zoti tsiku lomuthamangitsa sasiya kanthu kumbuyo. Achimwene anabzala. Anafesa mandimu n'kumawakwatitsa ndi manachesi okoma omwe ankakatenga nthambi zake pa njinga kumbali ya Mwanza. Kukwatitsa ndiko kucheka khungwa la kamtengo ndi lezala, kulowetsamo diso la mtengo wina, n'kumanga ndi pulasitiki. Anathirira ndi ndowa kuchokera kukhwawa zaka zinayi mitengo isanabereke. Lezala lomwelo tsiku lina linawatema chala chachikulu chakumanzere chopingasa, bala lakuya, ndipo ndinawamanga ndine ndi nsanza ya chitenje.

Mitengo itayamba kubereka, alongo ake a aNangozo anayamba kuikonda. Pamowa ankati, "Alamu, mwatikongoletsera munda wathu." Achimwene ankaseka nawo, koma akabwera kwa ine ankakhala pakhonde nthawi yaitali osamwa tiyi.

"Esinati, dothi ndi lawo, sindikana," ankatero. "Nanga thukuta ndi la yani?"

Nditagwira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mwezi wa Febuluwale

Loweruka lina masana achimwene anafika kunyumba kwanga ndi Che Amidu, Msilamu wa golosale ku Lisungwi, amene chaka ndi chaka ankagula manachesi ali mumtengo n'kukawagulitsa ku Blantyre. Kugulitsa zipatso zikadali zaziwisi si chachilendo kuno. Febuluwale nkhokwe zimakhala zitauma, ndipo anthu amagulitsa za chaka chimenecho kuti aone ufa. Koma achimwene sankagulitsa za chaka chimodzi. Ankagulitsa mitengo yeniyeniyo, yonse, mpaka kalekale. Ankafuna kumanga kanyumba ku Lisungwi pa malo ogula, pomwe munthu sangawauze kuti nyamulani bulangete lanu muzipita.

"Mayi kalaliki," anatero Che Amidu, "ine sukulu ndinaionera pawindo, koma za kumapiri kuno ndimazidziwa. Mtengo wa mkamwini mizu yake ili kwa mkazi. Popanda chala cha mayi a kunyumba, ine sindigula ngakhale tsamba."

"Chala chibwera," anatero achimwene. "Mwendo ukuwavuta, sangatsike phiri."

"Ndiye mwendo ukhale, chala chitsike," anatero Che Amidu, n'kuseka yekha.

Anabwera kwa ine chifukwa ndinkadziwa kalembedwe kake, komanso chifukwa dzina langa linkalemera. Ndinalemba pangano pa pepala la m'kope, n'kusiya malo pansi: a wogula, a wogulitsa, a mkazi wa wogulitsa, ndi a mboni. Che Amidu ndinawadinditsa ndekha. Achimwene anasaina, poti ankatha kulemba. Chala chawo chinali chisanakhalepo pa pepala lililonse. Atachoka Che Amidu, achimwene anapempha kabokosi ka inki yodindira komwe ndinkayenda nako m'chikwama. Ndinawapatsa.

Mawa lake nditaweruka ku tchalitchi ndinawapeza pakhonde, pepala lili m'thumba la shati. Analifunyulula. Chala chinalipo. Ndinangochiona kamodzi. Chinali chachikulu, chopendekera mbali ya chakumanzere, ndipo pakati pake panadutsa mzere woyera wopingasa pomwe inki sinagwire.

"Alamu adinda okha?" ndinafunsa.

"Nanga adinde ndani? Saina, Esinati, mvula ikubwera, phiri lija ulidziwa."

Ndinayang'ana dzanja lawo. Analilowetsa m'thumba la buluku.

Ana anga, ndikanatha kulemba pano kuti sindinazindikire, ndipo palibe wamoyo amene akananditsutsa. Ndinazindikira. Ndinadziuza kuti ndi nkhani ya m'banja, akakambirana okha. Ndinadziuza kuti munthu wothirira mtengo zaka zinayi sangakhale wakuba wa mtengo womwewo. Ndinalemba pansi pa chalacho kuti ndaona ndi maso anga aNangozo akudinda, n'kusaina dzina langa lonse, bwinobwino, ngati ndili mu ofesi. Kenako ndinawaphikira tiyi, ndipo tsiku limenelo anamwa.

Meyi ndi Juni, chaka chomwecho

Manachesi atayamba kupsa, Che Amidu anakwera phiri ndi anthu othyola ndi madengu. ANangozo ndi alongo awo anawachingamira pamalire a munda atanyamula mipini. Sanamenyane, koma madengu anatsika opanda kanthu. Lolemba lake Che Amidu analowa mu ofesi yanga akudzipukuta thukuta ndi kofia.

"Mayi kalaliki, ndakalamba ine, kuthamanga pa phiri sindingathenso. Ndilembereni. Ndikufuna mitengo yanga, apo ayi ndalama zanga zibwerere. Koma musadandaule, mlandu uwu utha tiyi asanazizire, poti mboni ndinu."

Ndinalemba dandaulo lawo. Ndinalembanso masamani awiri, ya achimwene ndi ya aNangozo.  A majisitireti ataona dzina langa pa pepala la pangano anandiitana.

"Mayi, simungasunge failo ya mlandu womwe inu muli mboni. Ndiisunga ndekha, tidikire kalaliki wobwereka." Analamulanso kuti munthu aliyense asathyole chipatso m'mundamo mpaka mlandu utatha. Kenako anandiyang'ana. "Pali china chomwe mukufuna kundiuza?"

Anakhala chete. Ndinamva wotchi ya pakhoma, ndinamva mbuzi ikulira kuseri. Ndinati palibe, bwana.

Kalaliki wobwerekayo anatenga masabata asanu ndi limodzi. Sabata ina galimoto inalibe mafuta, sabata ina kunali maliro. M'masabata amenewo anandiyendera anthu awiri. Oyamba anali achimwene. Anadikira nthawi ya nkhomaliro, mesenjala atachoka, n'kulowera khomo la kuseri.

"Mafailo amasowa, Esinati. Chiswe chimadya."

"Failo ili m'kabati ya abwana, achimwene."

"Ndiye ungoti unaona, basi. Liwu limodzi. Zomwe anandipatsa Mchawa uja ndamangira kale, khoma lafika pawindo. Ukandikana ndigwera kuti? Kwa akazi anga andipirikitsa. Kwathu minda ya amayi munagawana akazi okhaokha, iwe uli ndi wako ngakhale sulima. Ine ndili ndi chiyani? Tandiuza, iwe wophunzira. Ndinabadwa mlendo kwathu, ndakalamba mlendo kwa eni. Ndikufuna chitseko chimodzi chokha chotseka ine."



Achiwiri anali aNangozo. Ine ndi iwo sitinkakondana. Ankanditchula kuti alamu a mapepala, ine ndinkawaona ngati munthu wouma mtima. Anabwera tsiku la msika, mwendo uli bwinobwino. Anakhala pa benchi mpaka anthu onse atatha, kenako anadzaima pa tebulo langa n'kutambasula dzanja pamwamba pa mafailo.

"Alamu, akuti inu mumadziwa zala. Changa ndi ichi. Munachiona liti?"

Chinali chaching'ono, chong'aluka m'mbali.

"Nkhaniyi ili m'khoti, alamu, sindingayankhulepo."

"Eti. Ana anga asanu aja amakutchulani kuti azakhali. Sukulu yawo ndi mitengo ija, mchere wawo ndi mitengo ija. Sindinabwere kudzapempha ayi. Ndabwera kuti muchione, poti akuti munachiona."

Loweruka lotsatira ndinakwera ndekha, osauza munthu. Sindinalowe m'mudzi, ndinaima tsidya lina la khwawa, kuseri kwa nsungwi. Fungo ndi lomwe linayamba kundipeza, ngati la mowa wosasa. Pansi pa mitengo panali pachikasu ndi zipatso zakugwa, zophulika, ntchentche zili ng'waa, mbuzi zikusankha zoti zidye. Nthambi zina zinathyoka ndi kulemera. Zokolola za chaka chonse zinkaola pamaso pa anthu anjala chifukwa cha lamulo la khoti, ndipo lamulolo linalipo chifukwa cha ine. Ndikanayankhula Lolemba lija, akanathyola. Ndinatsika phiri, ndipo Lolemba linalo ndinakhalanso chete.

Julayi, tsiku la mlandu

Kunali chiperoni, nkhungu mpaka pakhomo. Khoti linadzaza: abale a aNangozo mbali iyi, abale athu mbali iyo, ndi anthu ongofuna kuona kalaliki ali m'bokosi. Bokosi la mboni ndinaliona zaka zonsezo ndili pampando, koma ndinali ndisanaimemo. Sindinkadziwa kuti thabwa la pansi limagwedera, ndiponso kuti ukaima mmenemo umaona nkhope ya aliyense. Kalaliki wobwereka uja anandilumbiritsa ndi mawu omwe ine ndinalumbiritsa nawo anthu osawerengeka.

Maloya kunalibe, pa milandu yotere aliyense amadzifunsira yekha. Anayamba Che Amidu.

"Mayi, dzina ili ndi lanu?"

"Ndi langa."

"Munalemba kuti munaona mayi awa akudinda?"

"Ndinalemba."

"Basi bwana, ine ndatha." Anakhala pansi akumwetulira.

A majisitireti anauza aNangozo kuti afunse. Anaimirira, anakonza chitenje, osayang'ana pepala n'komwe.

"Alamu, munandiona?"

Usiku ndi usana masabata onsewo ndinkakonza mayankho, ena okhota, ena oterera, poti mayankho otere ndinawamva ambiri. Onse anandithawa.

"Sindinakuoneni."

Khoti linachita phokoso mpaka mesenjala anamenya tebulo. Ndinafotokoza za kabokosi ka inki ndi za Lamlungu lija. Ndinaganiza kuti ndatha, kuti ndadzipereka ndekha ndipo zakwana. Koma achimwene anaimirira n'kunena kuti zoona mlongo wawo sanaone, koma akazi awo anadinda kunyumba, pa mphasa, ali awiriwiri. ANangozo anati bodza. Anabwererana mawu. A majisitireti anati ngati zili choncho pepalalo liyenera kupita kwa akatswiri a zala kutauni, ndipo ine ndinkadziwa tanthauzo lake: miyezi, mwina chaka, lamulo loletsa kuthyola likadalipo, zipatso zinanso n'kuola. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, mwagwira zala za anthu zaka zambiri. Chala ichi mukuchidziwa?"

Khomo lothawira linalipo. Ndikanati sindine katswiri, bwana, ndipo sakanandikakamiza. Anakhala chete. Ndinayang'ana achimwene. Anapukusa mutu pang'ono, mmene ankachitira tili ana, amayi akafunsa amene wadya ndiwo.

"Ndikuchidziwa, bwana. Ndi cha achimwene anga, chakumanzere. Mzere wapakatiwo ndi bala la lezala. Ndinamanga ndine."

Nthawi ino phokoso kunalibe. A majisitireti anapempha achimwene kuti aonetse dzanja. Analitulutsa m'thumba pang'onopang'ono n'kuliika pa thabwa, chala chili m'mwamba. Sanayang'ane a majisitireti. Anayang'ana ine.

"Unamanga bwino, Esinati," anatero.

Amenewo ndi mawu omaliza omwe anandiyankhula ndi dzina langa.

Chigamulo chinali chachifupi. Panganolo linafafanizidwa poti mwini malo sanavomere, mitengo inatsala kwa aNangozo, ndipo achimwene analamulidwa kubweza zonse kwa Che Amidu. A majisitireti anafunsa Che Amidu ngati akufuna kuti nkhani ya chalacho ipite kupolisi.

"Ayi bwana," anayankha. "Munthu wa kundende sabweza kanthu. Komanso taonani mmene alili, manyazi amukwanira." Potuluka anaima pafupi nane. "Mayi kalaliki, ine ndinkaopa mipini. Cholembera sindinkachiopa."

Madzulo ake abwana anandiitana mu ofesi. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwanena zoona, mayi, koma mwachedwa nazo masabata asanu ndi limodzi." Analemba lipoti monga kunayenera. Ndinalandira kalata yondichenjeza, anandisamutsira ku khoti la kutali zaka zitatu, nthawi ija munkakhala kwa achemwali anga aakulu mukudabwa chifukwa chake, ndipo ndinapuma pa ntchito ndili pa mpando womwe ndinali tsiku limenelo. Sindinadandaule kwa munthu. Zinali zondiyenera.

Zaka zotsatira

Ukwati wa achimwene unatha mwezi womwewo. Anatuluka m'mudzi muja ndi bulangete ndi njinga. Malo a ku Lisungwi ndi khoma lofika pawindo lija anagulitsa kuti abweze za Che Amidu, ndipo anakachita lendi kachipinda kuseri kwa msika, n'kumakonza njinga za anthu pansi pa mtengo. Ndinawatumizira ufa, unabwerera thumba losamasula. Ndinawatumizira uthenga kuti adzatenge munda wanga wa amayi adzalime, sanayankhe. Ndinapitako kawiri. Ulendo woyamba anaweramira tayala mpaka ndinatopa kuima. Wachiwiri anadzuka, anavula chipewa pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Muli bwanji, mayi kalaliki? Njinga yanu ili kuti?"

ANangozo mitengo ali nayo mpaka lero, ndipo ana awo anaphunzira. Sanandithokoze, ndipo sindikuona chifukwa choti andithokoze. Kwawo amati ndine ndinalemba pepala lowabera. Kwathu amati ndinagulitsa mlongo wanga chifukwa cha mlamu. Onse akunena zoona. Ndi chifukwa chake pamaliro a kumudzi mumandiona nditakhala ndekha kumapeto kwa mphasa. Iwe Chifundo, ukwati wako utayandikira ndinawalembera kalata malume ako. Inabwerera yosatsegula, ndipo ndinakuuza kuti atanganidwa.

Achimwene anamwalira mwezi wa Okutobala, kukutentha. Anawapeza tsiku lachitatu, mwini nyumba atadabwa ndi ntchentche pachitseko. Anatseka mkati. Nditafika ndinafunsa oyandikana nawo kuti masiku atatu onsewo munthu osagogoda bwanji. Mayi wina wogulitsa tomato anandiyankha osandidziwa kuti ndine ndani.

"Ife timayesa apita kwa achemwali awo ku boma. Ankawatchula pafupipafupi."

Chaka chino

Ndimakhala ndekha, mukudziwa. Geti ndimatseka masana. Chakudya cha kwa eni sindilandira, ndipo munthu akagogoda ndimayamba ndamuonera pa kabowo ka pawindo. Oyandikana nane ndinawaphunzitsa kusandizolowera, ndipo anaphunzira bwino. Sabata imatha pakhomo pano osaponda munthu. Mwezi watha ndinagwa kubafa, ndinakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndisanathe kudzikoka. Sindinakuuzeni. Munaimba madzulo ake, ndinati ndili bwino, inu munakhulupirira.

Foni si maso. Ndalama zomwe mumatumiza pafoni zimafika, zikomo, koma sizigogoda. Minibasi zochokera ku Blantyre zimabwera, msewu ndi womwe uja. Sindikuti mudzakhale, mudzangondiona, mumwe madzi, mubwerere. Musatume munthu, sindimutsegulira. Mubwere nokha, mutchule dzina lanu mokweza pa geti. Mukadzapeza chitseko chotseka dzuwa litakwera, musadzaganize kuti ndapita kwa abale, ndilibe kopita. Mugogode kawiri. Ndikapanda kuyankha, thyolani.